Tsiku Limene Disiki ya Aphunzitsi Inakana

Loweruka ndi tsiku langa lochapa, ndipo anthu a pamdadada wathu amadziwa kuti tsiku limeneli sindicheza. Ndinali nditanyika zoyera m'beseni lalikulu, zamitundu zili pambali kudikira, ndikupisa m'matumba a siketi ya mwana wanga, chifukwa mwana ameneyu anandiwonongerapo malaya atatu ndi bolopeni. M'thumba la kumanja ndinapezamo pepala lotayipidwa, lopindidwa kanayi. Ndinangowerenga mzere wapamwamba: "Tsiku limenelo anavala diresi labuluu, ndipo ine ndinaiwala ndi dzina langa lomwe." Ndinati kaya ndi zachibwana zanji izi, n'kulisomeka pachifuwa kuti lisanyowe. Siketiyo inkamveka fungo la mankhwala aja amakolopera m'chipatala. Ndisanaliganizire fungolo, amake mapasa a nyumba yoyandikana nafe analowa pageti akuthamanga, patapata imodzi ili m'manja.

"Anzanga, siyani zochapazo. Zala wanu amutenga apolisi!"

Zala ndi dzina limene anthu anamupatsa chifukwa cha liwiro lake potayipa. Ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka 23, ndipo mlandu wake waukulu chibadwire ndi kusiya makapu a tiyi pansi pa bedi.

"Amutengera chiyani?"

"Akuti waba buku."

"Buku lanji?"

"La m'kompyuta. Zambiri musandifunse, ine ndimagulitsa mazira."

Ndinaponya siketi ija m'madzi, ndinapukuta manja pamalaya, ulendo.

* * *

Ku polisi ndinamupeza pabenchi, chikwama pamiyendo, maso ali gwa. Mwana wanga akalakwa amalira msanga. Akakhala chete chonchi, chibwano m'mwamba ngati malemu bambo ake, ndiye kuti pali chimene akutchinjiriza.

Sajeni anali mayi wa msinkhu wanga, atavula nsapato pansi pa tebulo. Tinangoyang'anana n'kudziwana kuti tonse tinadzuka kalekale.

"Ndinu mayi ake? Khalani apo. Nkhani ndi iyi. Abwana ake a kuofesi yotayipira makalata akuti panali disiki ya kasitomala, muli buku lathunthu la munthu. Lachinayi imawerengeka bwinobwino, lero mmawa yakana. Akuti mwana wanuyu watenga yeniyeniyo kukagulitsa, n'kusiyapo yakufa yofanana nayo. Makiyi a dirowa ali nawo anthu awiri, iye ndi abwanawo. Ndiye dzulo anachoka pantchito masana osatsanzika. Ndamufunsa katatu kumene anapita. Akungondiyang'ana ngati ndine khoma."

"Iwe," ndinatero, "unapita kuti?"

"Amayi, sindinabe kanthu."

"Sindinakufunse zimenezo."

"Ndinalonjeza munthu, amayi."

"Unalonjeza munthu. Zovala zanga zikuvunda m'madzi, iwe uli pabenchi ya apolisi, koma unalonjeza munthu."

Anaweramitsa mutu. "Disikiyo ndi yomweyo, amayi. Dzulo mmawa imagwira. Lero sanandilole n'kulowa komwe, ndapeza akundidikirira pakhomo. Akanangondilola kuikhudza kompyutayo."

Sajeni anakweza nsidze. "Dzulo mmawa? Abwana ako akuti ntchito ya bukuli inatha Lachinayi. Dzulo umaitsegulira chiyani?"

Zala anakumbatira chikwama chake.

Sajeni anapumira m'mwamba n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. "Mayi, ine ndimaweruka folo koloko. Ikamakwana, wodandaula akhale atachotsa dandaulo lake. Apo ayi ndimulowetsa, ndipo muno wolowa Loweruka amatuluka Lolemba. Zofunda kulibe."

Nthawi inali itangopitirira thwelofu. Ndinavula juzi yanga n'kumuponyera mwanayo pamiyendo, osamuyang'ana, chifukwa ndikanamuyang'ana ndikanayamba zolira, ndipo ine ndinalibe nthawi yake.

* * *

Ofesiyo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Muli tebulo lalitali, kompyuta yakale yoyezuka ngati dzino la munthu wosuta, pulinta, ndi kabati yamatabwa pakona yakutali. Pambali pa kompyuta panali kabokosi kamene Zala amakanena kunyumba ngati ndi mwana wa mnzake, kakang'ono ngati buku la nyimbo, kokhala ndi kakamwa kolowetsapo disiki. Kompyuta imeneyi ilibe timabowo tamakono tija tolowetsamo fulashi. Kabokosiko kamalumikizidwa kumbuyo, pachibowo chachikulu cha timano tambirimbiri pomwe pamayenera kulowa pulinta, ndiye pulintayo imadzalumikizidwa kumbuyo kwa kabokosiko. Zonse ziwiri zimayenda njira imodzi.

Mwini ofesi anthu amamutchula Bwana Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo tayi sachoka pakhosi.

"Mayi, ine ndine munthu wa dongosolo," anayamba choncho ndisanakhale n'komwe pansi. "Choyamba, sindinamizira munthu. Chachiwiri, makina sanama. Taonani nokha."

Analowetsa disiki ina. Kabokosi kanalira pang'ono, kalata ya munthu wofuna ntchito inatseguka. Analowetsa inanso, pulogalamu ya ukwati inatseguka.

"Mwaona? Makina ali bwinobwino. Tsopano iyi, ya Aphunzitsi, eni buku lija."

Kanyali ka kabokosi kanaphethira. Pagalasi panabwera kamzere koyenda ndi manambala, kopita ku 100. Kanayenda, kanayenda, kanafika pa 31, kanaima. Tinadikira. Kenako kompyuta inalemba kuti yadikira nthawi yaitali, kabokosi sikakuyankha. Atayesanso inalemba zina, kuti yalephera kuwerenga. Ulendo umenewu kamzere kanali kataima pa 12.

"Ndiye mundiuza chiyani? Chachitatu, mapepala anga akhala akutha mosadziwika masabata atatu. Chachinayi, nthawi ya nkhomaliro mtsikanayu sapita kukadya, amatsala muno yekha. Munthu wa dongosolo amaphatikiza zinthu."

"M'kompyutamo bukulo mulibe?"

"Lamulo la muno, ntchito ya kasitomala imakhala pa disiki ya kasitomala. M'kompyutamu malo ndi ochepa."

"Dzulo masana, iye atachoka, munatsala ndi ndani?"

"Ndekha."

"Mumatani?"

Anagwira tayi wake. "Ntchito za muofesi, mayi. Kodi inu ndinu apolisi?"

"Ayi. Apolisi amaweruka folo koloko. Ine sindiweruka."

* * *

Aphunzitsi ndinawapeza panja pakhonde, pampando wapulasitiki, chipewa pamaondo. Bambo wokalamba, wowonda, malaya ositidwa bwino koma batani limodzi lolowa m'bowo la linzake. Ndinangodziwa kuti kunyumba kwawo kulibe wowayang'ana akamatuluka.

"Ndinu mayi a mtsikana uja? Pepani, mayi, pepani kwambiri. Apolisi sindinawaitane ine. Ine ndinangoti disiki yakana, basi, ndinakhala pansi."

"Ndi buku lanji, Aphunzitsi?"

"La mkazi wanga. Za iyeyo, kuyambira tsiku limene ndinamuona koyamba pokwerera basi. Ndalemba zaka zisanu ndi chimodzi m'makope, koma dzanja langa linayamba kunjenjemera, moti ineyo ndimalephera kudziwerenga. Mwana wanu yekha ndiye amatha. Watayipa miyezi inayi, ndi zithunzi zomwe waikamo. Lero limayenera kusindikizidwa, zilembo zikuluzikulu."

"Sangatayipenso?"

"Angathe. Miyezi ina inayi." Anatembenuza chipewa. "Mkazi wanga ali m'chipatala, mayi. Adokotala sakunenanso za miyezi."

Ndinakhala nawo pansi, pa sitepe. Nthawi inali kuthamanga, koma pali zinthu zina munthu sumamva uli chiimire.

"Iwowo akudziwa za bukuli?"

"Ayi! Ndi chinsinsi. Ndabisa zaka zonsezi, makope ndimasunga m'katoni ya nsapato pamwamba pa wadirobu." Anaseka pang'ono. "Koma matenda amachititsa zodabwitsa. Dzulo madzulo ndikumumwetsa madzi, mwadzidzidzi akuti, 'Bambo, diresi lija silinali labuluu. Linali lobiriwira.' Ine ndati diresi liti? Akuti, 'La pokwerera basi. Munthu wophunzitsa ana zaka makumi atatu, osadziwa mitundu.' Zaka makumi anayi ndi zisanu sitinalitchulepo diresi limenelo. Mwina ndi mankhwala amene akumupatsawa."

Pepala lija pachifuwa panga linayamba kundiotcha.

Fungo la chipatala pasiketi. Mapepala akutha masabata atatu. Mwana wotsalira muofesi kusindikiza masamba mobisa m'malo mokadya nkhomaliro, amene wakhala akubwera kunyumba ndi njala ya anthu awiri ine n'kumamukalipira. Mayi wogona m'chipatala uja makopewo anawapeza kalekale, ndani mkazi amene sadziwa zimene zili pamwamba pa wadirobu yake? Anaona kuti tsiku losindikiza mwina silimupeza, ndiye anafufuza amene akulitayipa bukulo, n'kupempha mwana wanga kuti azikamuwerengera mobisa, mutu umodzi umodzi, amuna ake asadziwe kuti chinsinsi chawo chinaululika.

Tsono ndinadziwa kumene Zala anapita. Ndinadziwanso kuti sindingakunene. Kumasula mwana wanga ndi pepala limeneli kunali kulanda bambo awa chinthu chimodzi chokha chimene anatsala nacho choti akapereke.

Panatsala njira imodzi. Disikiyo iyankhule yokha.

* * *

Kutsidya kwa msewu kuli kashedi ka wokonza mawailesi ndi makompyuta, bambo wonenepa wotchedwa Mafiyuzi. Ndinamupeza akudya nthochi, sikuludiraiva ali kukhutu.

"Amayi a Zala! Ndamva, ndamva, mbiri yafika kale mpaka kokwerera basi. Kabokosi kaja ndinakalumikiza ndine, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndikadali ndi chiuno. Koma a Tayi sangandilole, tinayambana pa nkhani ya fani."

"Nyamulani zida."

Bwana Tayi anaima pakhomo manja atatambasula. "Uwu ndi umboni wa apolisi. Palibe wokhudza."

"A Sajeni akudziwa kuti ndili kuno," ndinatero. Sajeni sananditume, koma sanandiletsenso.

Mafiyuzi anakhala pampando wa mwana wanga, mpando n'kudandaula. "Tsono amayi, matenda a tizinthu timeneti ndi ambiri. Mwina pulinta ikulimbirana njira ndi kabokosi. Mwina adaputa yamagetsi yafooka. Mwina kompyuta ikuyankhula mothamanga kwambiri pachibowopo, kabokosi sikakumva. Mwina disiki yafadi. Ndiye ine ndizula zonse, ndisinthe adaputa, ndilowe mkati ndisinthe liwiro, ndipukute..."

"Ayi. Chimodzi chimodzi."

"Amayi, nthawi."

"Mwana akatuluka ziwengo sumusiyitsa zonse tsiku limodzi. Umasiya sopo, n'kuona. Umasiya mafuta, n'kuona. Mukasintha zonse n'kuchira, tidziwa bwanji chimene chimamudwalitsa? Ine sindikufuna kuti ichire kokha. Ndikufuna ndidziwe amene anaidwalitsa."

Anandiyang'ana, n'kuchotsa sikuludiraiva kukhutu. "Mukanabwera kalekale kudzandithandiza pashedi paja."

Anazula pulinta kumbuyo kwa kabokosi. Tinayesa. Kamzere kanaima pa 44, kompyuta n'kulemba kuti yadikira mokwanira. Anabwezera pulinta, anasintha adaputa ndi ina ya m'thumba mwake. Kanaima pa 9. Anabwezera adaputa. Anazimitsa kompyuta, anaiyatsanso, analowa pagalasi labuluu lodzaza zilembo, akuti akuiuza kuti iziyankhula pang'onopang'ono ngati ikuyankhula ndi agogo osamva. Kamzere kanayenda ngati kamba. 50. 60. Aphunzitsi anali ataima pakhomo, chipewa chitafinyidwa m'manja. 71.

Kanaima.

"Basi," anatero Bwana Tayi. "Mmisiri walephera. Disiki ndi yakufa."

Wotchi inali pa hafu pasiti thuu. Ndinali nditalemba manambala aja padzanja ndi bolopeni ya patebulo, ndipo ndinawayang'ana: 31, 12, 44, 9, 71.

"A Mafiyuzi, disiki ikawonongeka imawonongeka bwanji? Ngati banga pansalu?"

"Ngati banga, kapena kung'ambika, eya."

"Ine ndachapa zaka makumi atatu. Banga likakhala pakolala, ukachapa kasanu umalipeza pakolala pomwepo. Silisamukira pamkono. Ichi chikuima pena lero, pena mawa. Ndiye vuto lili pansalu?"

Mafiyuzi anasiya kutafuna. "Iii. Ayi ndithu. Ikanakhala disiki ikanamaima malo amodzi. Ndipo titachepetsa liwiro yapita patali. Vuto lili panjira, amayi, osati pakatundu."

"Nanga makalata aja amatseguka bwanji?"

"Kalata ndi tsamba limodzi! Imadutsa isanapunthwe. Ili ndi buku la masamba mazana atatu ndi zithunzi, ulendo wake ndi wautali."

"Njira yake ndi iti?"

"Chingwe. Koma chingwe ndi changa chija, chabwino, sichinavutepo."

Amuna akamakonza chinthu amayang'ana pagalasi. Ine ndine wosesa, ndimayang'ana pansi. Ndinagwada, maondo akulira, n'kusuzumira kuseri kwa tebulo. Kumeneko kunali fumbi la zaka, lokhuthala ngati bulangeti, pa mawaya onse. Onse kupatula chimodzi. Chingwe chakuda, chowonda, chonyezimira, chachitali kwabasi, chokulungidwa mothamanga n'kukankhidwira kukhoma. Ndinatembenuza mutu. Kutsogolo kwa kabati ya pakona kunali kosesedwa, koma m'mphepete mwa khoma munatsalira utuchi woyera, watsopano.

"A Mafiyuzi, chingwe chanu chija chinali chamtundu wanji?"

"Chotuwa. Chachifupi, chonenepa ngati chala chachikulu ichi."

Ndinakoka chakuda chija n'kuchiika patebulo. Chinangotuluka, n'kumatuluka, osatha.

"Ichi si changa!" anakuwa Mafiyuzi. "Ichi ndi cha pamsika ichi, mkati mwake timawaya towerengeka, chopanda chotchinga. Mamita asanu! Ndi ichi ngakhale moni safika."

Tonse tinayang'ana Bwana Tayi.

"Chingwe ndi chingwe," anatero. Kenako, mawu atakwera, "Mwina mtsikanayo ndi amene anasintha. Ndani akudziwa? Chakalecho chili kuti? Mwina anagulitsanso."

"Muli nacho china chotere, a Mafiyuzi?"

Anapukusa mutu. "Zimenezi anasiya kupanga, amayi. M'tauni muno simungachipeze lero."

Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana fili koloko.

* * *

Munthu akataya chinthu muofesi chimapita m'bini. Za m'bini amazidziwa ndi mlonda.

Mlonda wa mdadada wa masitolowo ndi bambo wamtali wosakonda mawu. Ndinamupeza pansi pa mtengo, pafupi ndi njinga yake.

"Achimwene, dzulo munalipo?"

"Ndinalipo."

"Munaona chiyani?"

"Sindinaone kanthu."

"Mwana wanga anachoka nthawi yanji?"

"Thwelofu. Ndi envulopu."

"Anabwereranso?"

"Ayi."

"Abwana ake?"

"Anapita kumsika. Anabwera ndi jumbo. Anabwereka chobooleza kwa kalipentala."

"Ndiye mukuti simunaone kanthu."

"Si kanthu zimenezo. Ndi anthu akuyenda."

"Lero mmawa?"

Anaganiza kaye. "Anasuzumira m'bini. Asanaitane apolisi. Anapisamo dzanja mpaka paphewa, tayi n'kulowa m'makoko a nthochi."

"Amafuna chiyani?"

"Sanandiuze."

Ndinayang'ana njinga yake. Pakaliyala panali kireti ya mabotolo, yomangidwa bwino, mfundo ziwiri. Chomangiracho chinali chotuwa, chonenepa ngati chala chachikulu, ndipo mbali zonse ziwiri chinali ndi mutu wachitsulo wa timano tambirimbiri.

"Ichi munachitenga kuti?"

Anaimirira, n'kuima pakati pa ine ndi njingayo. "Chotayidwa. Fili koloko dzulo. Ndinaona akutaya ndi maso angawa. Sindinabe."

"Simunabe, achimwene. Mwasunga. Masulani, ndikupatsani chingwe changa choyanikira zovala, chatsopano, mamita khumi."

"Cha nayiloni?"

"Cha nayiloni."

Anayamba kumasula.

* * *

Mafiyuzi anawongola timano tiwiri topindika ndi kapanira, anauzira fumbi, analumikiza, n'kumanga tizomangira ta m'mbali mpaka kulimba. Kenako anabwezera liwiro lakale, kuti tisadzanamizire china. Mlonda anaima pawindo, akuti akufuna aone ngati chingwe chake chili ndi nzeru.

Kamzere kananyamuka. 12. 31. 44. Kanyali kakungophethira mwadongosolo, kabokosi kakung'ung'udza ngati mphaka wokhuta. 71. Aphunzitsi anandigwira pamkono, sindikudziwa ngati anadziwa kuti andigwira. 90.

100.

Pagalasi panatuluka chithunzi chakale chopanda mitundu. Mtsikana wowonda ataima pafupi ndi basi, dzanja pachipumi kutchinga dzuwa, akuseka munthu amene sakuoneka.

Aphunzitsi anakhala pansi pomwepo, pasimenti, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Ndinatsegula kabati ya pakona. Kumbuyo kwake kunali bowo latsopano, lokwana chingwe.

"Mumafuna muzikatsekera muno kabokosika," ndinatero kwa Bwana Tayi. "Kuti mwana wanga asamakagwiritse nthawi ya nkhomaliro. Chingwe chakale sichimafika, munagula chachitali. Mmawa uno buku litakana munabwezera kabokosi patebulo, munathamangira kubini, munapeza mulibe. Munadziwa, bambo. Musanaitane apolisi munali mutadziwa."

Ndinkayembekezera choyamba ndi chachiwiri. Sizinabwere. Anamasula tayi, koyamba chimuonereni, ndipo khosi lake linali lowonda ngati la mwana.

"Sindinadziwe bwinobwino, mayi. Ndimangokayikira. Makalata aja amatseguka, ndiye ndinati mwina si chingwe. Bambowa atakhala pansi paja, nkhope itayera, ine ndinaona kuti ndapha munthu. Ndinachita mantha. Ndinafuna kuti akhale wina."

Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira yonse, ena oti sindingawalembe pano. Koma munthu anali ataima pamaso panga tayi m'manja, ndipo wotchi inali pa hafu pasiti fili.

"Mantha tonse timachita," ndinatero. "Koma anu mwawagoneka pabenchi mwana wanga. Valani nsapato zothamangira."

* * *

Tinafika kutatsala mphindi khumi. Sajeni anali atavala kale nsapato imodzi. Bwana Tayi anayankhula yekha, zonse, osasiyako, mpaka za makoko a nthochi. Sajeni anamvetsera, kenako anamuuza mawu angapo otsitsa amene anachititsa kuti bamboyo apepese kawiri, kwa Zala ndi kwa benchi yomwe.

"Dandaulo lachoka," anatero Sajeni. "Koma ine funso langa lija likundiyabwabe. Dzulo masana anali kuti?"

Zala anandiyang'ana. Aphunzitsi anali pakhomo pomwepo.

Ndinazungulira tebulo, ndinatulutsa pepala lija pachifuwa, lofunda ndi thukuta, n'kulitsegula pansi pa tebulo pomwe amaona Sajeni yekha. Ndinanong'oneza mawu atatu kapena anayi, wodi ya amayi, nthawi ya alendo. Sajeni anawerenga mzere wapamwamba, anayang'ana bambo wachipewa uja, n'kulipinda pepalalo mmene linalili.

"Ndaiwala chimene ndimafunsa," anatero, n'kuvala nsapato yachiwiri. "Tulukani nonse, ndikufuna kutseka."

Panja Zala anandibwezera juzi. Ndinamukonza kolala, yomwe sinapindike n'komwe.

"Wadya?"

"Ayi, amayi."

"Masabata atatu osadya nkhomaliro. Ukuyesa ine ndinabereka ngamila?"

Anatsegula pakamwa, anaona pepala lili m'dzanja langa, anatseka. Apa ndiye misozi inabwera. Ndinamusiya alire paphewa panga pang'ono, kenako ndinamuuza kuti akundinyowetsa.

Aphunzitsi anayandikira mwaulemu, akutsokomola.

"Mwananga, ndikudziwa watopa. Koma ngati ungathe kusindikiza lero, mawa ndikapite nalo."

"Ndisindikiza, Aphunzitsi."

"Koma usanatero, pa tsamba 14 pali cholakwika. Ndinalemba kuti diresi labuluu. Ukonze, likhale lobiriwira." Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso akumwetulira. "Wandiuza munthu wodalirika. Kaya iyeyo anamva kwa ndani."

Zala anayang'ana pansi.

"Usavutike, mwananga. Mawa ndikamuwerengera, iye akanamizira kudabwa, ine ndikanamizira kusadziwa. Takhala choncho zaka makumi anayi ndi zisanu. Sitingasiye sabata ino."

Bwana Tayi anatulutsa makiyi onse a ofesi, ndi a kabati omwe, n'kumupatsa Zala. Ananyamuka atatu, Aphunzitsi pakati. Ine ndinawakuwira kuti amugulire mwanayo chakudya panjira, ndipo wina asakhudzenso chingwe chilichonse.

* * *

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mthunzi wa nyumba utafika kale pamabeseni. Choyamba ndinamasula chingwe changa chatsopano cha nayiloni n'kuchikulunga, chifukwa mlonda uja si munthu woiwala. Ndiye kuti zovala ndiyanika pampanda.

Amake mapasa anasuzumira pamwamba pa mpandawo. "Anzanga, zatha bwanji? Anabadi?"

"Sanabe."

"Nanga anaba ndani?"

"Palibe. Chingwe chinali chachitali."

Anadikira kuti ndipitirize. Ndinakwinya manja a malaya n'kuweramira beseni la zoyera.

Madzi onse anali abuluu. Mashiti abuluu, malaya anga a kutchalitchi abuluu, mapilo abuluu. Pakati pake pakuyandama siketi ija imene ndinaiponya mothamanga mmawa, m'beseni lolakwika, nditangopisa thumba limodzi. Ndinapisa la kumanzere. Bolopeni.

"Iii, mwana ameneyu!" anatero amake mapasa. "Akabwera mumuuze."

"Ndimuuza," ndinatero. Ndinataya madziwo, ndinatsegula mpopi, n'kuyamba ndi shiti loyamba.